Dzina likatuluka la ku Congo: zoti banja la msilikali likonzeretu, ndi makomo oti ligogode

Nkhaniyi siibwera ndi ng'oma. Bambo amafika madzulo, n'kukhala pakhonde kumasula zingwe za jombo, kenako n'kunena motsitsa mawu kuti dzina lawo latuluka. Amene mwakhalapo m'malayini a ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ku Cobbe ku Zomba, ku Moyale ku Mzuzu kapena ku Chilumba ku Karonga mukudziwa zimene zimatsatira: masabata a maphunziro ku mapiri a Chikala ku Machinga, zikwama zobiriwira pabalaza, anansi kubwera kudzatsanzikana nawo, ndipo tsiku lina m'mawa nyumba yonse imangoti zii.

Ine ndaperekeza bambo a kwathu kawiri. Ulendo woyamba ndinali wamng'ono, mwana ali kumsana. Ndinawakazingira mtedza, kuwachapira ndi kuwasitira, mtima n'kukhazikika kuti zonse zatha. Patapita miyezi itatu khadi la kubanki linatha ntchito, mwana anagonekedwa m'chipatala, ndipo atandifunsa nambala ya usilikali ya bambo wake ndinangoti kakasi. Thandizo linalipo, koma pakhomo lililonse linkandifunsa pepala limene ndinalibe. Ndikulemba izi kwa inu amayi anzanga, ndi kwa inu abambo amene akazi anu ndiwo amavala yunifolomu, chifukwa usilikali umayendera zolembedwa. Chimene chili pa fayilo ndicho chimamveka, ndipo nthawi yokonza fayilo ndi pamene mwiniwake akadali pakhomo.

Tisanamizanenso za kumene akupita. Kuyambira 2013 asilikali a dziko lino akhala akusinthana kum'mawa kwa DRC m'gulu la United Nations limene linapatsidwa mphamvu zolimbana ndi zigawenga, limodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi ku South Africa. Mu November 2018 tinataya asilikali 6 pafupi ndi mzinda wa Beni. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete, amene anaomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo mu 2019 United Nations inamulemekeza ndi mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima. Mu January 2025 tinatayanso atatu pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 kufupi ndi mzinda wa Goma. Ambiri amapita n'kubwerako bwinobwino, koma banja lokonzeka limakonzekera zonse ziwiri.

Yambani ndi fomu ya next of kin

Msilikali aliyense polowa ntchito amalemba dzina la munthu woti adzadziwitsidwe china chake chikamuchitikira. Ambiri amapita ku MAFCO, sukulu ya usilikali ya ku Salima, ali anyamata osakwatira, choncho amalemba mayi awo, bambo awo kapena mkulu wawo. Zaka zimadutsa, ukwati umachitika, ana amabadwa, koma dzina la pa fomu lija limakhala lomwe lija. Palibe amene amachita dala, zimangoiwalika.

Sankhani tsiku labwino, ana atagona, mufunse mwaulemu: "Bambo, kodi pa fomu paja pali dzina la ndani?" Akakayika, apite ku ofesi ya gulu lawo akaone ndi maso, akonzetse asananyamuke. Cholinga si kuchotsa apongozi ayi. Mayi amene anabereka msilikali ali ndi malo awo, ndipo mkazi wanzeru salimbana nawo. Cholinga n'chakuti fayilo inene zoona: mkazi ndi uyu, ana ndi awa, makolo odalira thandizo ndi awa.

Pali funso lina lowawa limene ndi bwino lituluke tsopano. Ngati kuli mwana wina kunja, adziwike. Malamulo a dziko lino amamuwerengera mwana ameneyo mofanana ndi obadwira m'nyumba mwanu. Ndaona maliro a asilikali akusokonekera chifukwa mayi wina watulukira ndi mwana bokosi lili pabwalo. Kumva nkhani yotere m'chipinda, mwiniwake ali moyo kuti ayankhe, kumapweteka, koma kumapepukirako.

Kenako umboni wa ukwati. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa mwambo wa ankhoswe. Limavomerezanso anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali ngati banja, koma pamenepo ndi khoti limene limagamula, ndipo simungafune kukatsimikizira zimenezi kukhoti muli pachisoni. Ngati muli ndi setifiketi ya ukwati, kope lake likhale pa fayilo ya bambo. Ngati munangolowana kapena munathera pa chinkhoswe, pitani nonse awiri ku ofesi ya DC mukafunse kalembetsedwe kake ulendo usanafike.

Tsopano gulani envulopu ya pulasitiki yotseka bwino, muikemo izi: makope a ziphaso zanu za unzika, zikalata za kubadwa za ana zochokera ku National Registration Bureau, mabuku a kuchipatala, payslip ya mwezi waposachedwa, mapepala a malo, a galimoto kapena njinga yamoto, ndi a ngongole iliyonse. Pamwamba pa zonse pakhale kapepala kolembapo nambala ya usilikali, udindo, gulu limene amagwirako kuno kumudzi, ndi gulu limene akupita nalo. Funsaninso kuti akupita pansi pa United Nations kapena pansi pa SADC, chifukwa kutsogoloku muona kuti si chimodzimodzi. Jambulani pepala lililonse pafoni, mutumize zithunzizo kwa m'bale mmodzi wokhulupirika. Chiswe, mvula ndi moto sizisankha nyumba.

Wilo si kuitana imfa

Ndikudziwa mmene mawu amenewa amagwera m'khutu. Ena amati kulemba wilo ndi kudzilosera zoipa, makamaka munthu akupita kunkhondo. Koma msilikali amanyamula bandeji m'thumba osati chifukwa akufuna kuvulala.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 silifuna zambiri. Wilo ilembedwe, mwiniwake asayine pamaso pa mboni ziwiri, mbonizo zisayinenso. Mboni zisakhale anthu amene atchulidwa kuti adzalandira kanthu. Atchule zinthu ndi maina ake momveka: nyumba ya kwakuti, munda wa kwakuti, ng'ombe zili kwa amalume, ndalama za ku SACCO, ndi munthu amene adzayendetse zonsezi. Atchulenso amene adzalere ana ngati makolo onse awiri atachoka. Za kasungidwe kake funsani kwa loya, kukhoti kapena kwa DC, ndipo anthu awiri adziwe kumene yasungidwa. Wopanda ndalama ya loya akagogode ku Legal Aid Bureau, amene ntchito yawo ndi yothandiza anthu otere.

Inunso otsala lembani yanu. Ngozi ya pamsewu wa M1 siyang'ana kuti wapita ku Congo ndani.

Ndalama: kambiranani ziwerengero, osati malonjezo

Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa, ndiye ndichedwapo.

Choyamba, mvetsani mmene ndalama za mishoni zimayendera. United Nations siipereka malipiro m'manja mwa msilikali. Imabwezera boma ndalama yoposa pang'ono madola 1,400 pa msilikali aliyense pa mwezi, ndipo boma lililonse limalipira anthu ake motsata dongosolo lake. Choncho chiwerengero chimene achibale amamva pa wailesi sindicho chimalowa m'thumba la bambo. Iwowo afunse kwa akuluakulu awo kuti alawansi ndi yochuluka bwanji, imabwera liti, ndipo imalowa ku akaunti iti. Inu mulembe zimenezo m'kope. Ndalama ya mishoni ikhoza kuchedwa, ndiye bajeti ya pakhomo muyike pa malipiro a mwezi ndi mwezi, osati pa alawansi.

Chachiwiri, tengani payslip muione limodzi. Pamwamba pali malipiro, pansi pali zodulidwa. Amayi ambiri amadziwira za ngongole ya bambo pamene ndalama ya mwezi yabwera yoperewera, mwiniwake ali ku Beni foni isakugwira. Ngongole ya kubanki, ya ku SACCO, ya mnzawo wa ku kantini, ngakhale katapila, zonse zitchulidwe: ndi zingati, kwa yani, zidzatha liti.

Chachitatu, pitani kubanki nonse awiri. Kusiyirana khadi ndi nambala yachinsinsi n'kumene ambiri timachita, koma khadi likamezedwa ndi makina, likatayika kapena likatha ntchito, a banki sangakupatseni lina inu amene si mwini akaunti. Zinandichitikira, ndipo ndinatha milungu ndikudya za anansi. Funsani za akaunti ya anthu awiri, kapena bambo asayine chilolezo choti mwezi uliwonse banki izitumiza ndalama yakutiyakuti ku akaunti yanu. Onani tsiku lothera ntchito lolembedwa pa khadi. Chimodzimodzi simu khadi: ngati nambala imene mumalandirira Airtel Money kapena Mpamba inalembetsedwa pa chiphaso cha bambo, foni ikabedwa mudzavutika kuibwezeretsa. Khalani ndi nambala yolembetsedwa m'dzina lanu.

Chachinayi, gwirizanani chinthu chimodzi chachikulu chimene ndalama ya ulendowu idzachite. Maganizo anga ndi awa, ndipo sindiwabisa: chinthu chimenecho chikhale malo ndi nyumba. Nyumba ya m'baraki ndi ya boma. Tsiku limene ntchito idzathe, kaya ndi kupuma kaya ndi imfa, mudzapatsidwa nthawi yoti musamuke, ndipo ina idzalowamo ndi banja lina. Ndaona mabanja akutuluka pageti ndi masofa okongola, firiji ndi TV yaikulu, koma osadziwa kokatsitsira. Galimoto imakoma tsiku lofika, koma imadya mafuta ndi masipeya. Kumbukiraninso kuti mu November 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anangosunga ndalama osagula kanthu anaona thumba la simenti likuwathawa. Mukamagula malo musathamange. Onani mapepala, funsani kukhonsolo kapena ku ofesi ya za malo, ngati ndi kumudzi pakhale amfumu ndi mboni, ndipo kalata ya malonda ikhale ndi maina a nonse awiri.

Banki m'khonde ndi yabwino, ndipo amayi a m'malayini tathandizana nayo kwambiri pa fizi ndi geni. Koma musatengeko ngongole podalira kuti bambo akabwera adzabweza. Tsiku lobwera limasuntha. Amene anapita ndi gulu la SADC limene linayamba ntchito ku DRC mu December 2023 anapezeka atatsekeredwa m'makampu Goma italandidwa ndi M23, ndipo anatuluka patapita miyezi, podzera ku Rwanda ndi ku Tanzania.

Itanani ankhoswe bambo asananyamuke

Kumudzi akangomva kuti mwana wawo wapita ku Congo, amaona ngati madola akugwa ngati matalala. Mlamu akufuna feteleza, mphwake akufuna fizi, apongozi denga likudontha, ndipo onse amaimbira inu. Mukakana, ndinu mkazi woipa amene watsekereza mwana wawo. Mukavomera zonse, ana anu agona ndi njala.

Mankhwala ake ndi msonkhano waung'ono: ankhoswe a mbali zonse ziwiri, makolo ngati alipo, ndi inu awiri. Bambo anene ndi pakamwa pawo kuti makolo azilandira zingati pa mwezi, kudzera kwa yani, ndi kuti china chilichonse chidikire iwowo. Anenenso poyera kuti akuchoka asiya nyumba ndi katundu m'manja mwa akazi awo. Mawu amenewa akatuluka pamaso pa ankhoswe amakhala chishango chanu chaka chonse. Kaya kwanu ndi kwa chikamwini, kwa chitengwa kapena kwa lowola, zimenezi zimathandiza chimodzimodzi.

Dziwani nkhope za ku baraki

Gulu likapita, baraki siitsala yopanda anthu. Amatsala akuluakulu oyang'anira zotsala, ndipo mabanja ali m'gulu la zimene amayang'anira. Bambo asanapite akutengeni akakuonetseni kwa amene muzikafikira mukakhala ndi vuto la nyumba, la malipiro kapena la uthenga wofulumira. Lembani udindo wake, ofesi yake ndi nambala ya foni, ndiponso wachiwiri wake, poti asilikali amasamutsidwa. Ku usilikali nkhani imakwera makwerero. Mukalumpha n'kukagwa kwa mkulu wa pamwamba adzakubwezani pansi, ndipo mwina mwawaika bambo m'mavuto. Yambirani pamene munaonetsedwa. Nkhani ikakhala ya ndalama kapena ya nyumba, ilembeni pa pepala, muikepo tsiku, musunge kope.

Dziwaninso abusa kapena ansembe otumikira asilikali, ngakhale mutakhala kuti mumapemphera kunja kwa baraki kapena ndinu Msilamu wa kumzikiti wa m'tauni. Iwowa amalowa m'maofesi amene inu simungalowe, ndipo amasunga chinsinsi. Dziwani chipatala cha m'kampu ndi maola ake, ndi kumene kuli a Military Police.

Ndipo musanyoze gulu la amayi. Inde, m'malayini mumayenda miseche, ndipo udindo wa mwamuna nthawi zina umalowerera mpaka pa mpando umene mkazi akhale pamsonkhano. Koma usiku umene mwana wanga anakomoka ndi malungo, amene anathamanga kukadzutsa woyendetsa galimoto anali mayi wa khomo loyandikana nalo, amene tinali tisanalankhulane bwino ndi kale lonse. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Inu amene mukukhala kunja kwa baraki, ku Kawale, ku Chinamwali, ku Chibavi kapena kumudzi kwenikweni, ndinu amene mumaphonya mauthenga. Pezani mayi mmodzi wa m'kati woti azikutsinani khutu, ndipo a ku ofesi akhale ndi nambala yanu ndi malongosoledwe a njira yofikira pakhomo panu.

Abambo otsala ndi ana, ndikudziwa kuti misonkhano imeneyi imaoneka ya amayi okhaokha. Pitani ndithu ku ofesi mukadzidziwitse. Ufulu wanu ndi womwewo.

Foni, mphekesera ndi akuba

Nthawi ya ku Goma ndi ku Beni ndi yofanana ndi yathu, choncho palibe zowerengera maola. Gwirizanani tsiku loimbirana, koma mugwirizanenso kuti foni ikapanda kulira si ndiye kuti kwagwa zovuta. Amapita kutchire masiku angapo kumene kulibe netiweki, ndipo nthawi zina amaletsedwa kuimba.

Musawafunse kuti ali pati kwenikweni, akupita kuti mawa, alipo angati. Akakutumizirani chithunzi, chisungeni. Musachiike pa Facebook kapena pa sitetasi ya WhatsApp. Adani nawonso ali ndi mafoni, ndipo chithunzi chimodzi chikhoza kuonetsa malo a kampu.

Kukachitika nkhondo, magulu a WhatsApp amasefukira ndi maina ndi zithunzi, zina zakale, zina za dziko lina. Musatumize dzina la munthu aliyense. Taganizani mayi akumva za imfa ya mwamuna wake pa gulu la banki m'khonde, ali pamsika akugula tomato. Uthenga woona umadzera kwa akuluakulu a usilikali. Mtima ukakana kukhazikika, imbirani munthu uja munaonetsedwa.

Akuba a pafoni amadziwa kuti mkazi wa msilikali ali yekha ndipo ali ndi nkhawa. Wina adzaimba kuti ndi mnzawo wa bambo, wabwera ndi katundu koma wagwidwa paboda, tumizani ndalama. Wina adzati bambo avulala, pakufunika ndalama ya mankhwala msanga. Msilikali wovulala pa ntchito amathandizidwa ndi a ntchito yake, safuna Mpamba wanu. Dulani foni, funsani ku baraki, ndipo nambala yachinsinsi musauze munthu.

Ana ndi matenda

Auzeni ana zoona zolingana ndi msinkhu wawo: bambo apita kuntchito kutali, akateteza anthu, adzakhalitsa. Musawalonjeze tsiku. Aphunzitsi awo adziwe, chifukwa mwana wina amayamba ndewu, wina amangokhala duu, wina amayambanso kukodza pogona. Anyamata a zaka za m'ma 14 ndi amene amafuna diso kwambiri. Pemphani amalume awo kapena bambo wina wodalirika wa kumpingo kuti aziwayendera.

Usiku mukasowa wofunsa za matenda, Chipatala Cha Pa Foni chimayankha pa 929 mwaulere. Nkhani ya nkhanza kwa mwana imbani 116. Ngati muli oyembekezera, konzeranitu amene adzakudikirireni kuchipatala ndi amene adzatsale ndi ana.

Uthenga woipa ukafika

Ndikupemphera kuti gawo ili musadzaligwiritse ntchito, koma liwerengeni.

Masiku oyamba a usilikali amayendetsa okha mwambo: kubweretsa thupi, bokosi, ulemu wa mfuti. Inu khalani ndi munthu mmodzi wamutu wozizira, mchemwali wanu kapena nkhoswe, amene azigwira envulopu ija ndi kulemba chilichonse chimene akuluakulu anena. Musasayine pepala limene simunalimvetse, ngakhale wobweretsayo ndi mlamu wanu. Makiyi a nyumba, makhadi a kubanki ndi mapepala a malo asachoke m'manja mwanu.

Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la 2011 lija, ndipo wolandayo akhoza kumangidwa, kaya ndi m'bale wa malemu. Ngati palibe wilo, lamulo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana onse, ndi amene ankadalira malemuyo. Ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi mkazi kapena mwamuna wotsalayo. Wina akayamba kunyamula katundu, pitani ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi, ndipo ngati zikuchitikira m'baraki dziwitsani akuluakulu tsiku lomwelo.

Maliro akatha, yambani kuyenda. Tengani chikalata cha imfa, mupange makope ambiri. Funsani ku ofesi ya gulu lawo mndandanda wa zonse zoyenera kuperekedwa: malipiro otsalira, alawansi ya mishoni imene inali isanabwere, ndalama za imfa za kuboma. Ngati anali pansi pa United Nations, pali chipepeso china chapadera, chimene kuyambira 2018 ndi madola 77,000 kwa womwalira pa ntchito, ndipo wolumala amalandira gawo lake molingana ndi kukula kwa chilemacho. Chimenechi banja silipempha lokha ku New York. Boma ndilo limapereka pempho, ndalama n'kudzera m'boma momwemo. N'chifukwa chake muyenera kufunsa ngati pempholo latumizidwa, liti, ndipo akulitsata ndani. Chuma china chimadzera ku ofesi ya Administrator General, yoyang'anira chuma cha masiye, kapena kwa DC. Ulendo uliwonse lembani tsiku, ofesi ndi zimene mwauzidwa. Zikaima nthawi yaitali popanda chifukwa chomveka, a Legal Aid Bureau ndi ofesi ya Ombudsman alipo. Funsaninso msanga kuti nyumba ya m'baraki mukhalamo mpaka liti, kuti ana asadukize sukulu pakati pa teremu.

Akabwerako

Tsiku lofika ndi la nthungululu, ndipo liyenera kutero. Koma munthu amene watsika basiyo waona zinthu zimene inu simunaone, ndipo inunso mwasintha: mwazolowera kugamula nokha za ndalama, za ana, za chilichonse. Patsanani nthawi. Alendo a kumudzi adikire sabata imodzi kapena ziwiri. M'bwezereni udindo pang'onopang'ono, ndipo kope la ndalama lija muwaonetse musanafunsidwe.

Masiku oyambirira omwewo pitani limodzi mukayezetse magazi. Chaka n'chachitali kwa onse awiri, ndipo kupita nonse kumachotsa zolozana chala. Akatentha thupi, akanene kuchipatala kumene achokera, chifukwa dera la Beni linavutika ndi Ebola kuyambira 2018 mpaka 2020, ndipo malungo ndi ochuluka kumeneko.

Kenako tcherani khutu usiku. Bambo a kwathu atabwera ulendo wachiwiri ankadzidzimuka kutulo thukuta lili kamukamu, chitseko chikamenyetseka ankadumpha, ndipo pa Khirisimasi ana ataphulitsa makombola anakalowa kuchipinda osatulukanso. Kwa ambiri zimenezi zimazilala pakapita milungu. Zikapitirira mwezi, kapena mukaona mowa ukuchuluka, ukali wosadziwika mutu wake, kudzipatula, kapena mawu onena kuti bola kufa, musathamangire kunena kuti awalodza anzawo chifukwa cha ndalama za mishoni. Ndi bala la m'maganizo, ndipo lili ndi chithandizo. Asilikali amaopa kuoneka ofooka pamaso pa anzawo, choncho mawu akuti "mwapenga" asatuluke pakamwa panu. Ine ndinangoti, "Bambo, simukugona, ndipo inenso sindikugona. Tiyeni tikaonane ndi adokotala." Yambirani ku chipatala cha m'kampu kapena kwa abusa aja. Akafuna kumene sakudziwika, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matenda a maganizo, ndipo m'zipatala za maboma muli anamwino ophunzira za maganizo. Akatchula zodzipha, musawasiye okha ndipo dziwitsani achipatala tsiku lomwelo.

Chimodzi chokha musachipirire. Zimene anaona kunkhondo si chilolezo chokumenyani inu kapena ana. Amayi ambiri amakhala chete poopa kuti bambo achotsedwa ntchito, banja n'kutaya nyumba ndi malipiro. Mantha amenewo ndi omveka, koma lamulo loteteza ku nkhanza za m'banja la 2006 limafikanso m'baraki, ndipo khoti likhoza kupereka chiletso chokutetezani. Imbani 5600, pitani ku Victim Support Unit, kapena kwa a Military Police. Mukavulazidwa yambani kuchipatala kuti zilembedwe m'buku.

Zonse zikakhazikika, tulutsaninso envulopu ija. Mwina mwabadwa mwana, mwagula malo, ngongole ina yatha. Fomu ndi wilo zikonzedwenso. Ngati bambo anavulala kumeneko, ngakhale pang'ono, kaya ndi msana kaya khutu losamva bwino chifukwa cha mizinga, aonetsetse kuti zalembedwa pa fayilo yawo ya kuchipatala tsopano, chifukwa pa tsiku lopuma ntchito adzafunsidwa umboni. Ndipo ngati kupumako kwayandikira, akafunse za bungwe la asilikali opuma la VELOM, lija timaliona mu November likugulitsa maluwa ofiira a chikumbutso, akalembetse akadali ndi mphamvu zoyenda m'maofesi.